Mawu Ofotokozera Chiyambi cha Mluza: Kuunika "Mbewu", "Kukula", "Kugaŵanika" ndi "Kusiyana"

Mphunzitsi wa sayansi kapena namwino wa kusikelo ya amayi oyembekezera akafuna kufotokoza m'Chicheŵa momwe mwana amayambira m'mimba, kaŵirikaŵiri amanena chiganizo chonga ichi: mbewu ya bambo imaloŵa m'dzira la mayi, dziralo limagaŵanika ndi kukula, kenaka ziŵalo zimayamba kusiyana. Chiganizochi ndi chachifupi ndiponso chaulemu, kotero kuti chingalankhulidwe pamaso pa akuluakulu popanda wina kugwa nkhope ndi manyazi. Ubwino umenewu si wochepa pankhani imene mwambo suilola kukambidwa poyera. Komabe mawu anayi amene asenza chiganizocho adabadwira kumunda ndi pakhomo, ndipo lililonse limabwera ndi tanthauzo lake lakale. Matanthauzo ena amagwirizana ndi zimene akatswiri adapeza, pamene ena amaphunzitsa zosiyana nazo. Nkhani ino ikuunika mawuwo limodzilimodzi powayeza ndi zimene zimachitikadi m'dzira la munthu, la chule, la nkhuku ndi la zamoyo zina.

Liwu loti "mbewu"

Mbewu ya chimanga ili kale ndi kachomera mkati mwake, ndipo nthaka imangopereka chinyezi ndi chakudya. Motero munthu akamva kuti bambo amapereka mbewu, amaganiza kuti mwana yense amachokera kwa bamboyo, mayi n'kukhala munda chabe. Maganizo otere adasokeretsanso anthu ophunzira a ku Ulaya. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft adafotokoza za maselo a umuna amene adawaona pamaikulosikopu m'chaka cha 1677, ndipo m'chaka cha 1694 Nicolaas Hartsoeker adajambula kamunthu kodzipinda m'mutu mwa selo lotere, kusonyeza zimene ankaganiza kuti zili mmenemo. Caspar Friedrich Wolff adatsutsa zimenezi m'chaka cha 1759 ataona kuti ziŵalo za mwanapiye zimaumbika pang'onopang'ono pamalo pamene padalibe chiŵalo chilichonse. Karl Ernst von Baer adapeza dzira la nyama zoyamwitsa m'chaka cha 1827, ndipo Oscar Hertwig adasonyeza m'chaka cha 1876 kuti phata la selo la umuna limaphatikizana ndi phata la dzira.

Lero n'zodziŵika kuti selo la munthu lili ndi makromozomu 46, ndipo 23 amachokera kwa bambo, 23 kwa mayi. Pambali pa izi dzira limapereka zambiri kuposa selo la umuna. Limapereka madzi onse a m'selo loyamba, tizigawo topanga mphamvu totchedwa mitochondria, ndi malangizo amene amayendetsa mluza kufikira utakhala ndi maselo 4 mpaka 8, pamene majini akeake amayamba kugwira ntchito mokwanira. Chinthu chimene selo la umuna limagamula pakati pa anthu ndi nyama zoyamwitsa ndicho chakuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi, popeza dzira limanyamula kromozomu ya X nthaŵi zonse, pamene selo la umuna limanyamula X kapena Y. N'zomvetsa chisoni kuti pamfundo yomweyi mpamene mayi wobereka ana aakazi okhaokha amadzudzulidwa m'mabanja ena. Pakati pa nkhuku zinthu n'zotembenuka, pakuti dzira la thadzi ndilo limagamula.

Mlimi wa chimanga ali nacho kale chifanizo cholondola. Mungu wochokera kungayaye umagwera pandevu za chimanga, ndipo pamene sudafike pamakhala chisononkho chamagweru. Selo la umuna likufanana ndi mungu umenewu, ndipo mbewu yeniyeni ndi chimene chimapangidwa ziŵirizo zitakumana. Liwu loti "mbewu" silingachotsedwe m'kamwa mwa anthu, ndipo ulemu wake ngofunika. Koma wolemba buku la sukulu ayenera kunena "selo la umuna" ndi "dzira", kapena ngati wasankha "mbewu" anene mbewu ya bambo ndi mbewu ya mayi pamodzi, kuti wophunzira aone kuti iliyonse payokha ndi theka.

Liwu loti "kukula"

Kukula m'Chicheŵa ndi kuwonjezera msinkhu kapena thupi. Mwana amakula, dzungu limakula. Tsono masiku oyambirira a mluza alibe kukula kwa mtundu umenewu. Dzira la munthu ndi lalikulu pafupifupi gawo limodzi la magawo 10 a milimita. Patapita pafupifupi tsiku limodzi chikumanirane ndi selo la umuna limagaŵanika paŵiri. Patsiku lachiŵiri pamakhala maselo 4, patsiku lachitatu 8, ndipo patsiku lachinayi amakhala kampira ka maselo 16 kapena kuposerapo. Nthaŵi yonseyi mluza uli m'chikuto chomwe chija chidakuta dzira, ndipo ukulu wake sudasinthe. Maselo akuchuluka, koma lililonse likucheperachepera. Kukula kwenikweni kumayamba mluza utatuluka m'chikutomo ndi kumamatira kuchiberekero, kuyambira patsiku la 6 kapena la 7.

Chule wa kumwera kwa Africa wotchedwa Xenopus laevis amasonyeza zimenezi bwino lomwe. Dzira lake limagaŵanika koyamba patapita pafupifupi mphindi 90, kenaka pafupifupi mphindi 30 zilizonse, ndipo likagaŵanika maulendo 12 pamakhala maselo pafupifupi 4,000 m'kampira kamene ukulu wake udakali wa dzira lija. M'dzira la nkhuku chikasu sichigaŵanika konse. Kamene kamagaŵanika ndi kadontho koyera kokhala pamwamba pa chikasucho, ndipo pamene thadzi likuikira dzira kadonthoko kamakhala ndi maselo zikwi makumi angapo. M'dzira la ntchentche ya pazipatso yotchedwa Drosophila maphata okha ndiwo amagaŵanika maulendo 13, kufika pafupifupi 6,000, zipupa za maselo zisanamangidwe.

Palinso china chimene liwu loti "kukula" limabisa, ndicho imfa ya maselo. John Sulston ndi anzake ku Cambridge adalondola selo lililonse la kanyongolotsi kotchedwa Caenorhabditis elegans ndi kumaliza ntchitoyo m'chaka cha 1983. Mwa maselo a thupi 1,090 amene amapangidwa, 131 amafa panthaŵi ndi pamalo oikika, ndipo amatsala 959. Dzanja la mluza wa munthu limayamba ngati nkhafi, ndipo zala zimalekana chifukwa maselo a pakati pake amafa. Mwanapiye amataya maselo otere kuphazi, pamene bakha amasunga ambiri, n'chifukwa chake zala za bakha n'zolumikizana. Wophunzira amene wangouzidwa kuti mluza umakula sangaganize kuti zala zake zidasemedwa ndi imfa. Pachifukwa ichi liwu loti "kukula" liyenera kusungidwira kuwonjezereka kwa thupi, ndipo ntchito yonse yotenga maonekedwe itchedwe "kuumbika", liwu limene woumba mbiya amalimva msanga, popeza iye amapinda dongo, kulikoka ndi kuchotsako lina.

Liwu loti "kugaŵanika"

Tsinde la "gaŵa" lili ndi ana ambiri: kugaŵa, kugaŵana, kugaŵira, kugaŵika, kugaŵikana ndi kugaŵanika. Onseŵa ali ndi ganizo limodzi lakuti chinthu chimene chidali chathunthu chatha, ndipo aliyense watenga gawo lake. Ana akagaŵana nkhuku, wotenga ntchafu alibe phiko. Ganizo limeneli likaloŵa m'phunziro la mluza limabala chiphunzitso chakuti selo limene lidzakhale diso lidalandira malangizo a diso okha, ndipo la chiŵindi lidalandira a chiŵindi okha. Ichi ndicho chimene August Weismann adaphunzitsa m'buku lake la m'chaka cha 1892. Wilhelm Roux adaoneka ngati wachitsimikiza m'chaka cha 1888 pamene adabaya ndi singano yamoto selo limodzi mwa maselo aŵiri oyamba a mluza wa chule, ndipo selo lotsalalo lidapanga theka la mluza.

Koma m'chaka cha 1891 Hans Driesch adalekanitsa maselo aŵiri oyamba a kanyama kaminga ka m'nyanja ya mchere kotchedwa sea urchin, ndipo selo lililonse lidapanga kamwana kathunthu, kungoti kakang'ono. Hans Spemann adamanga mluza wa newt, kanyama ka m'madzi kooneka ngati buluzi, ndi tsitsi la khanda mpaka kuudula pakati, ndipo padatuluka mapasa. Pambuyo pake zidadziŵika kuti selo la Roux lidapanga theka chifukwa mnzake wakufayo adali chimamatirire pambali pake. Mapasa ofanana nkhope ndi umboni womwewu pakati pa anthu. Iwo amachokera kudzira limodzi limene lidapatukana m'masiku oyambirira, ndipo aliyense amabadwa ndi ziŵalo zonse.

Chifukwa chake n'chakuti selo lisanagaŵanike limayamba lakopera DNA yake yonse, kotero kuti maselo aŵiri atsopanowo amalandira makope athunthu. Walther Flemming adafotokoza kayendedwe ka makromozomu pakugaŵanika kumeneku m'chaka cha 1882. Apa liwu loti "kugaŵanika" likunena zoona pa thupi la selo, koma likunama pa malangizo. Ngakhale zili choncho liwuli silitayika, chifukwa mawu ena amene alipo ngoipirapo. "Kusweka" ndi "kung'ambika" amanena za kuwonongeka. "Kuswana" amanena za ziŵeto ndi tizilombo, ndipo "kuchulukana" amangonena chiŵerengero osafotokoza njira. Ndiponso pali pamene kugaŵana kosalingana kumachitikadi. Edwin Conklin adaona m'chaka cha 1905 kuti dzira la kanyama ka m'nyanja kotchedwa Styela lili ndi madzi achikasu mbali imodzi, ndipo maselo amene alandira madziwo ndiwo amapanga minofu ya mchira. Motero chofunika ndi kusalola liwuli kuyenda lokha. Chiganizo chabwino n'chakuti selo limakopera malangizo ake onse, kenaka n'kugaŵanika paŵiri. Mneni "kukopera" akasoŵa, wophunzira wabwezedwa kwa Weismann.

Liwu loti "kusiyana"

Thupi la munthu lili ndi mitundu ya maselo yoposa 200, ndipo yonse imachokera kuselo limodzi. Njira imene selo limakhalira la minofu, la magazi kapena la ubongo imatchedwa differentiation m'Chingerezi, ndipo omasulira ambiri amathamangira kunena "kusiyana kwa maselo". Vuto n'lakuti "kusiyana" limanena mkhalidwe umene ulipo kale, monga kusiyana kwa mbuzi ndi nkhosa, pamene chofunika kutchulidwa ndi ulendo wochoka pakufanana. "Kusiyanitsa" limafuna wochita, ndipo womva amafunsa kuti wosiyanitsayo ndani. "Kusandulika" limakumbutsa za munthu wosanduka fisi usiku, chinthu chadzidzidzi ndi chamatsenga, pamene maselo amasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri ya maselo.

Liwu loyenerera bwino ndi "kupatukana", monga njira zimapatukira pamphambano. Conrad Waddington adagwiritsa ntchito chifanizo chonga chimenechi m'chaka cha 1957 pojambula kampira kotsetsereka m'zigwa zopatukapatuka. Mphambano yoyamba ya mluza wa munthu imaoneka patsiku lachisanu, pamene maselo a kunja amakhala chikuta chimene chidzapange nsengwa yodyetsera mwana, ndipo kagulu ka mkati ndiko kadzapange thupi. Pamphambano iliyonse selo limatsegula majini ena ndi kutseka ena mwa majini pafupifupi 20,000 amene ali ndi malangizo opangira mapuloteni, koma otsekedwawo silitaya.

Umboni wa mfundo imeneyi udachokera kwa chule uja wa ku Africa. M'chaka cha 1962 John Gurdon ku Oxford adatenga phata la selo la m'matumbo a mbululu ndi kuliika m'dzira lochotsedwa phata, ndipo mazira ena otere adakhala ambululu athunthu. M'chaka cha 1996 ku Roslin Institute ku Scotland kudabadwa nkhosa yotchedwa Dolly kuchokera kuphata la selo la bere la nkhosa yaikulu. M'chaka cha 2006 Shinya Yamanaka ku Kyoto adabweza maselo a mbeŵa kumkhalidwe wonga wa mluza pogwiritsa ntchito majini 4 okha, ndipo iye ndi Gurdon adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2012. Pano liwu loti "kupatukana" lapambananso, chifukwa munthu wopatuka pamphambano sagwetsa njira inayo, ndipo ngakhale kubwerera n'kovuta, n'kotheka. Wolemba wosamala awonjezere kuti lamuloli lili ndi zopatula zake. Maselo ofiira a magazi a nyama zoyamwitsa amataya phata lawo akakhwima, ndipo maselo ena oteteza thupi amadula ndi kulumikizanso zigawo za DNA yawo.

Funso lakuti amauza selo njira ndani

Wophunzira wanzeru akamva za mphambano amafunsa chimene chimauza selo kuti lipatukire kumanja kapena kumanzere. Chiganizo chija cha mawu anayi sichiyankha konse, ndipo apa mpamene chili chosauka kwambiri. Mayankho odziŵika ndi aŵiri. Loyamba ndi zimene selo lalandira kuchokera m'madzi a dzira, monga Conklin adaonera. Lachiŵiri ndi uthenga wochokera kumaselo oyandikana nalo. Ku Freiburg, Hilde Mangold, wophunzira wa Spemann, adadula kachigawo ka mluza wa newt pamlomo wa kabowo kamene maselo amaloŵerapo mkati, ndi kukaika kumimba kwa mluza wina. Pamalopo padaumbika msana wachiŵiri ndi thupi lachiŵiri, ndipo maselo ambiri a thupi latsopanolo adali a mluza wolandirawo. Zotsatirazi zidasindikizidwa m'chaka cha 1924, chaka chimene Mangold adafa pangozi ya moto, ndipo Spemann adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1935.

Kachigawoka kadatchedwa organizer, ndipo womasulira amakopeka kukatcha "kapitao" kapena "mtsogoleri". Mawu otere ngokoma m'khutu koma amapotoza nkhani. Mapuloteni amene kachigawoka kamatulutsa, monga noggin amene adapezeka m'chaka cha 1992 ndi chordin m'chaka cha 1994, amagwira ntchito potchinga uthenga wina wotchedwa BMP umene ukadachititsa maselo kukhala khungu. Uthengawo ukatchingidwa, maselo amatsata njira ya ubongo ndi mitsempha. Kachigawoka tsono kakufanana ndi munthu wotseka ngalande kudimba kuti madzi aloŵere kwina, ndipo palibe amene akuona mluza wonse ndi kuulamula.

Lewis Wolpert, wobadwira ku Johannesburg, adapereka ganizo m'chaka cha 1969 lakuti selo limadziŵa malo ake poyesa kuchuluka kwa mankhwala amene amachepa akamatalikira gwero lawo. Utsi wa moto umachita chimodzimodzi, pakuti wakhungu angadziŵe kutalika kwake ndi moto pomva fungo. Christiane Nüsslein-Volhard ndi Eric Wieschaus adafalitsa m'chaka cha 1980 majini amene amagaŵa thupi la Drosophila m'mfundomfundo, ndipo m'chaka cha 1988 padasonyezedwa kuti puloteni yotchedwa bicoid ndi yochuluka kumutu kwa dzira ndi kucheperachepera chakumchira. Mawu achicheŵa oyenera apa ndi "uthenga", "kutumiza", "kulandira" ndi "kutchinga". Mawu a ulamuliro apeŵedwe.

Za "akadali magazi"

Pali mawu ena amene sali m'mabuku koma amamveka m'midzi ndi m'matauni, akuti mimba ya mwezi umodzi "akadali magazi chabe". Mawuŵa amatonthoza mayi amene wapita padera, ndipo ntchito imeneyo njosanyozeka. Koma akatengedwa ngati chiphunzitso amabisa nthaŵi yofunika koposa. Cha patsiku la 15 pamluza pamaoneka kamzere, ndipo maselo amayamba kuyenda ndi kuloŵa pamzerepo mpaka kupanga mipukutu itatu yosanjikizana. Wakunja umapanga khungu lapamwamba, ubongo ndi mitsempha. Wapakati umapanga minofu, mafupa, magazi, mtima ndi impso. Wamkati umapanga chikuta cha mkati mwa matumbo ndi mapapo, chiŵindi ndi kapamba. Christian Pander ndiye adayamba kufotokoza za kusanjikizana kumeneku m'dzira la nkhuku m'chaka cha 1817. Mtima umayamba kugunda cha patsiku la 22, ndipo kampope kamene kadzakhale ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana kamatsekeka pofika tsiku la 28.

Masiku ameneŵa amaŵerengedwa kuyambira pamene dzira lidakumana ndi selo la umuna, pamene kusikelo amaŵerengera kuyambira msambo womaliza, ndipo kuŵerengera kwa kusikeloko kumaposa ndi masabata aŵiri. Wolemba asanene "sabata lachinayi" osatchula poyambira. Tanthauzo lake n'lakuti kampope kaja kamatsekeka mayi atangodumpha msambo umodzi, mwina asanatsimikize kuti ali ndi pakati. Kakalephera kutsekeka mwana amabadwa ndi msana wotseguka kapena ubongo wosakwanira. Kafukufuku wa Medical Research Council wa ku Britain wofalitsidwa m'chaka cha 1991 adasonyeza kuti folic acid adachepetsa kubwerezeka kwa vutoli ndi magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse mwa amayi amene adaliona kale. N'chifukwa chake amayi amalangizidwa kumwa mamaikulogalamu 400 patsiku asanatenge pakati, ndipo dziko la South Africa lidalamula m'chaka cha 2003 kuti aziwonjezeredwa muufa wa chimanga ndi wa tirigu. Mankhwala a thalidomide, amene adagulitsidwa kuyambira 1957 mpaka 1961, adalemaza ana oposa 10,000, ndipo ankawononga mluza pakati pa tsiku la 20 ndi la 36 lokha, pamene manja ndi miyendo zikuphuka. Akale adati m'mera mpoyamba. Mayi amene wakhulupirira kuti m'mwezi woyamba mulibe kanthu saona chifukwa chosamalira mankhwala ndi mowa m'masabata omwewo amene ziŵalo zikuikidwa.

Mawu obwereka ndi kalembedwe kake

Liwu loti "selo" lakhazikika, ngakhale ena amalikayikira poti limatchulanso chipinda cha kupolisi. Kukayikira kumeneku kulibe mphamvu, chifukwa Robert Hooke, amene adalipereka m'chaka cha 1665 atayang'ana khungwa la mtengo pamaikulosikopu, ankanenanso za tizipinda. Chimene chifunika kukonzedwa ndi mgwirizano wa mawu. Ena amalemba "selo limodzi", ena "selo imodzi", nthaŵi zina patsamba lomwelo. Popeza kuchulukitsa kwake ndi "maselo", n'kwanzeru kuliika m'gulu la "dzira" ndi "mazira", kuti likhale "selo limodzi, maselo aŵiri". "Jini" ndi "majini" atsate njira yomweyo, ndipo wolemba afotokoze msanga kuti majini a sayansi sakhudzana ndi majini a mizimu amene anthu ena amawatchula. Kuchepetsa konena "timaselo" kapena "tizinthu" n'kosafunika, ndipo "tizilombo" sayenera kugwiritsidwa ntchito pa maselo a umuna, chifukwa liwulo limanena za zoyambitsa matenda.

Mayina a masiteji monga morula, blastula ndi gastrula amaloŵezedwa m'makalasi popanda kumveka. M'chiyankhulo chimene adachokera ali ndi matanthauzo wamba: morula ndi kamabulosi, gastrula ndi kamimba. Mphunzitsi angawasiye momwe alili chifukwa cha mayeso, koma awatsatize ndi kufotokoza kwachicheŵa, monga kampira kothithikana, kampira kamphako, ndi kampira kopindikira mkati. Liwu loti "mluza" ndi chuma cha chiyankhulo ndipo liyenera kupatsidwa malire. Akatswiri amatchula embryo kufikira kutha kwa masabata 8, pamene utali wake ndi pafupifupi masentimita 3 ndipo ziŵalo zazikulu zonse zayambika. "Mluza" likhale la nyengo imeneyi, ndipo kuchokera apo kunenedwe "mwana wosabadwa". Malire a mawu otere amafika ngakhale m'malamulo. Ku Britain komiti ya Mary Warnock idalangiza m'chaka cha 1984 kuti mluza wa munthu usasungidwe kunja kwa thupi kupitirira masiku 14, poyang'ana kamzere kaja, ndipo malangizowo adaloŵa m'lamulo la m'chaka cha 1990.

Chigamulo

Mwa mawu anayi aja, "kugaŵanika" liyenera kukhala, malinga "kukopera" litsogole. "Kukula" lichepetsedwe ntchito ndi kugaŵana malo ndi "kuumbika". "Kusiyana" lipereke mpando kwa "kupatukana" ponena za njira, ndi kutsala ponena za zotsatira. "Mbewu" ndilo losokeretsa koposa, ndipo m'mabuku a sukulu ndi m'timapepala ta zaumoyo liyenera kunenedwa za makolo onse aŵiri kapena kusiyidwa. Chiganizo chokonzedwa chingamveke motere: selo la umuna limaphatikizana ndi dzira, aliyense wa makolo n'kupereka theka la malangizo, selo latsopanolo limakopera malangizowo ndi kugaŵanika mobwerezabwereza popanda kukula, kenaka maselo amatumizirana uthenga, amayenda, amapatukana ntchito, ena amafa, ndipo pofika kutha kwa mwezi woyamba mtima ukugunda. Chiganizochi n'chachitali kuposa chija, koma chilibe liwu limene gogo wa kumudzi sangalimve likafotokozedwa kamodzi, ndipo ulemu wake sudachepe. Mphunzitsi angachiyese ndi mazira a chule otola padambo nyengo ya dzinja ndi galasi lokuza zinthu, pamene ophunzira angaone okha kampira kakugaŵanika tsiku lonse ukulu wake osasintha.